Kaikidwe ka VPN pa karauta kanukanu mukakhala pa WiFi ya pa yadi kuno ku Joni

Pa yadi yomwe ndimakhala ku Turffontein tilipo makomo asanu, awiri ndi a Chimalawi, lina ndi banja la ku Zimbabwe, kuseri kuli mnyamata wa ku Mozambique amene amakhala yekha, kenako a mastande, eni yadi, m'nyumba yaikulu. WiFi ndi imodzi. Faiba inalowera ku nyumba yaikuluko, tonse timasonkha pakutha pa mwezi limodzi ndi lendi, ndipo pasiwedi ndi yomweyo kuyambira tsiku lomwe ndinafika, munthu akasamuka saisintha, mlendo akabwera amapatsidwa, madzulo ana a pa yadi yoyandikana nafe amatsamira mpanda mafoni ali m'manja. Ndikudziwa kuti abale ambiri ku Rosettenville, Yeoville, Mayfair, Cosmo City mpaka ku Diepsloot mukukhala chimodzimodzi, chifukwa faiba ya wekha ndi ndalama, komanso nyumba ya lendi sungangoboola khoma la eni ake.

Chomwe chinanditsegula maso ndi usiku wina TV yathu itangosintha yokha nkuyamba kuonetsa vidiyo ya pa foni ya munthu wina wa pa yadi pomwepo. Sanachite dala ayi, anangodina dzina la TV yolakwika, koma ine tulo tinandithera. Ngati foni yake ikuiona TV yanga ndiye kuti ikuionanso laputopu yanga, ikuionanso foni ya mayi a kunyumba imene timatumizira ndalama kwa agogo ku Mangochi mwezi ndi mwezi. Sabata yomweyo ndinagula karauta kanga, kabokosi kogawa WiFi, nkuikapo VPN, ndipo kuyambira pamenepo ndaikirapo anthu akwathu angapo, kawirikawiri Lamulungu tikatuluka ku tchalitchi. Ndiye ndati ndilembe momwe ndimachitira kuti ena muzitha nokha.

Tiyambe tamvana kaye kuti VPN ndi chani, chifukwa achinyamata ambiri akamva VPN amaganiza za timaapu tija tobera data. Iyi si imeneyo. VPN ya pa rauta sikupatsani intaneti ya ulere, imadyanso data yoonjezera pang'ono chifukwa chilichonse chimayamba chakutidwa chisanatumizidwe. Ganizirani katundu amene timatumiza kumudzi kudzera kwa matransipota aja odutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Mukamanga katoni bwinobwino ndi tepi, anthu a pa yadi amangoona kuti katoni yapita kwa dalaivala, sadziwa muli chani, sadziwanso ikukatsikira kwa ndani. VPN ndi katoniyo. Mwini rauta yaikulu ndi kampani ya faiba amangoona kuti mukuyankhulana ndi seva imodzi basi, mayina a masamba omwe mukutsegula sawaona. Koma dalaivala amadziwa komwe katoni ikupita, ndiye kampani ya VPN iyenera kukhala yoti mukuikhulupirira, tibwereranso pamenepa.

Ndisakunamizeni kuti popanda VPN chilichonse chili poyera. Masamba ambiri masiku ano ali ndi https, WhatsApp nayo imabisa mauthenga payokha, choncho a mastande sangawerenge macheza anu. Chomwe chimaoneka kwa amene ali ndi pasiwedi ya admin ya rauta yaikulu ndi mayina a komwe mukupita komanso nthawi yake, ndipo munthu wa mtima woipa atha kusintha DNS, yomwe imalondolera foni ku tsamba lomwe mwalemba dzina lake, kuti mukalemba dzina la tsamba lenileni mukafikire ku tsamba lonamizira. Izi ndi zomwe tikutseka. Ndipo ubwino woika pa rauta osati pa foni ndi woti TV, laputopu, mafoni a ana, zonse zimalowa mu VPN popanda wina kudina kanthu, komanso kampani ya VPN imawerenga rautayo ngati chipangizo chimodzi ngakhale kuseri kwake kuli mafoni 8.

Choyamba, rauta yake

Apa mpomwe ambiri amataya marandi. Marauta a SIM khadi omwe timapatsidwa tikatenga kontirakiti, monga Huawei B535, akakhala ndi VPN imakhala ya L2TP kapena PPTP. PPTP ndi ya m'zaka za m'ma 1990 ndipo chitetezo chake chinathyoledwa kalekale, musaigwiritse ntchito. Kabokosi koyera ka faiba kokhomedwa pa khoma kaja, ka Vumatel kapena Openserve, si kanu koti muzisintha. Ndiye njira yake ndi kugula karauta kachiwiri, kakang'ono, koti kakhale m'chipinda mwanu pakati pa inu ndi WiFi ya pa yadi.

Pa bokosi kapena pa tsamba la malonda muyang'ane mawu oti WireGuard Client, WireGuard ndi mtundu wa VPN womwe tigwiritse ntchito. Mawu oti Client amenewa ndi ofunika kwambiri, chifukwa marauta ena a TP-Link Archer analembedwa VPN koma ndi VPN Server yokha, yomwe ndi nkhani ina. Ine ndimakonda a GL.iNet chifukwa masetingi ake ndi osavuta ndipo amapezeka pa Takealot ndi m'mashopu a makompyuta. Kotchipa kwambiri ndi kachikasu kotchedwa Mango, GL-MT300N-V2, kamakwana m'thumba la malaya, kamayendera chaja ya micro USB ya 5V, WiFi yake ndi ya 2.4GHz yokha ndipo opanga ake amati pa WireGuard kamafika liwiro la 45 Mbps pomwe pa OpenVPN, mtundu wina wa VPN, ndi 11 Mbps basi. Pamwamba pake pali Opal, kenako Beryl AX, GL-MT3000, imene imafika cha m'ma 300 Mbps pa WireGuard. Ngati faiba ya pa yadi ndi ya 20 kapena 50 Mbps yomwe mukugawana makomo asanu, Mango kapena Opal ikukwanirani. Marauta a Cudy nawo ambiri ali ndi WireGuard, a Asus chimodzimodzi. MikroTik hAP ndi yabwino zedi ikakhala pa RouterOS 7 koma imafuna munthu wozolowera, woyamba kumene asayambire pamenepo.

Mwaona kusiyana kwa 45 ndi 11 kuja? Nchifukwa chake ndikuti WireGuard. OpenVPN inatuluka mu 2001, ndi yodalirika koma ndi yolemera kwa karauta kopanda mphamvu. WireGuard anailemba Jason Donenfeld, inalowa mu Linux mu 2020, ndi yopepuka ndipo magetsi akabwera imalumikizanso msanga.

Chachiwiri, akaunti ya VPN ndi fayilo yake

VPN za ulere zodzadza pa Play Store zisiyeni. Seva imadya ndalama, ndiye amene sakukulipiritsani akupeza phindu kwina, nthawi zambiri pogulitsa mbiri ya zomwe mumachita kapena kukuthirani malonda, komanso zambiri sizipereka fayilo yoika pa rauta. Makampani awiri omwe ndimawatchula anthu akandifunsa ndi Mullvad ya ku Sweden ndi Proton VPN ya ku Switzerland. Mullvad mtengo wake ndi 5 euro pa mwezi, sasintha kaya mulipire mwezi umodzi kaya chaka, safuna imelo kapena dzina, amangokupatsani nambala ya akaunti ya manambala 16 ndipo imaloleza zipangizo 5. Nambala imeneyo muilembe penapake posungika chifukwa ndiyo dzina ndiyonso pasiwedi. Proton ili ndi ya ulere yoona mtima koma maseva a ulerewo ali kutali, ku Netherlands, Japan, America ndi kwina, kuti mupeze seva ya South Africa pamafunika yolipira.

Mukalipira, logini pa tsamba lawo pa laputopu kapena pa foni, fufuzani pomwe alemba WireGuard configuration. Dinani kuti ipange kiyi, kenako sankhani dziko South Africa, mzinda Johannesburg, nkudawuniloda. Mupeza kafayilo kakang'ono kothera ndi .conf. Dawunilodani awiri kapena atatu a maseva osiyana kuti ina ikadzavuta mudzangosintha.

Nkhani ya kusankha Johannesburg ndiitsindike. Anthu amathamangira London kapena New York poganiza kuti ndiye zapamwamba, koma chilichonse chomwe mwadina chimayamba chawoloka nyanja kenako nkubwerera, ulendo wa ku London ndi kubwerera umapitirira ma millisecond 150 pomwe seva ya mu Joni momuno pa faiba ndi ochepa kwambiri. Mukamaimba WhatsApp kumudzi, komwe netiweki imakhala yovuta kale, kuchedwa koonjezeraku kumamveka, mumangolankhulana modutsana. Komanso mabanki amakayikira akaona akaunti yomwe dzulo inali ku Gauteng lero ikulowa kuchokera ku Ulaya, atha kuitseka kaye. Cholinga chathu ndi kubisala kwa anthu a pa yadi, osati kusamuka dziko.

Kafayiloko mukakatsegula muona mizere yochepa. Pamwamba pali PrivateKey, Address ndi DNS, m'munsi muli PublicKey, AllowedIPs ndi Endpoint. PrivateKey ndi kiyi wa pakhomo panu, musajambule sikirini nkutumiza pa gulu la WhatsApp pofunsa thandizo, ndaonapo anthu akuchita zimenezi. Endpoint ndi adilesi ya seva ndi poti yake, kawirikawiri 51820. AllowedIPs ikakhala 0.0.0.0/0 ndiye kuti zonse zidutsa mu VPN, ndipo ndi zomwe tikufuna.

Chachitatu, kulumikiza karauta

Musanayambe auzeni a mastande kuti mukuika karauta m'chipinda mwanu. Sikawononga kanthu pa WiFi yawo, koma ndi ulemu, ndipo mwina akulolezani kukoka chingwe, chomwe ndi chabwino kuposa njira ina iliyonse. Chingwe cha netiweki chichoke pa bowo la LAN la rauta yaikulu chikalowe pa bowo lolembedwa WAN la karauta kanu. Mukabaya pa LAN m'malo mwa WAN zinthu zisokonekera pa yadi yonse chifukwa marauta awiri ayamba kulimbirana kugawa maadilesi, ndiye yang'anitsitsani zilembozo. Ngati chingwe sichitheka musadandaule, karauta kamatha kukoka WiFi ya pa yadi nkuigawanso, njira imeneyi imatchedwa Repeater, kungoti liwiro limatsikako. Mukaike pa windo loyang'ana ku nyumba yaikulu, osati kuseri kwa firiji kapena pansi pa bedi.

Yatsani, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, pa foni muona WiFi yatsopano yoyamba ndi GL. Pasiwedi yake yalembedwa kunsi kwa karautako, pa ambiri a GL.iNet ndi goodlife. Mukalowa tsegulani Chrome nkulemba 192.168.8.1 pamwamba polemba adilesi paja, osati mu bokosi la Google. A TP-Link ndi 192.168.0.1, a Cudy 192.168.10.1, MikroTik 192.168.88.1. Ikufunsani chiyankhulo kenako ikuuzani mupange pasiwedi ya admin. Ikhale yaitali, yosiyana ndi ya WiFi, isakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa, anthu a pa yadi amazidziwa zimenezo. Kenako pitani pa Wireless musinthe dzina la WiFi ndi pasiwedi yake, chifukwa goodlife aliyense amene anagwirapo rauta yotere amaidziwa. Chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3. Mukasintha foni idzatuluka, lowaninso ndi pasiwedi yatsopano. Amene mukugwiritsa ntchito Repeater, pa tsamba la Internet dinani kuti ifufuze, sankhani WiFi ya pa yadi, lembani pasiwedi yake.

Pali msampha umodzi apa womwe umagwira anthu ambiri kuno. Marauta a Huawei a SIM khadi nawonso adilesi yawo ndi 192.168.8.1, yofanana ndendende ndi ya GL.iNet. Ngati rauta yaikulu ndi yoteroyo, awiriwa akhala ngati nyumba ziwiri za nambala imodzi mu msewu umodzi, intaneti siyenda kapena mukalemba adilesi mumafikira pa rauta ya eni ake. Mankhwala ake ndi kupita pa Network kenako LAN, musinthe adilesi ya karauta kanu ikhale 192.168.20.1. Musasankhe 192.168.9.1 chifukwa imeneyo GL.iNet inasungira WiFi ya alendo. Kuyambira pamenepo polowa muzilemba adilesi yatsopanoyo.

Intaneti ikayamba kuyenda, VPN isanalowe, chitani zinthu ziwiri. Pa System ikani nthawi, sankhani Africa/Johannesburg, ndi nthawi yomweyo ya ku Blantyre palibe kusiyana. Kenako dinani Upgrade kuti firmware, pulogalamu yoyendetsa karautako, ikhale yatsopano. Izi musachite magetsi akukayikitsa. Lodishedi inachepa poyerekeza ndi 2023 koma magetsi amazimabe, mawaya amabedwa, ma substation amapsa, ndipo rauta ikazima ili pakati pa upgrade itha kufa. Ngati ndi Mango ibayeni pa pawa banki musanayambe.

Chachinayi, kuika VPN

Ntchito yeniyeniyi ndi yaifupi kuposa zokonzekera zonsezi. Kumanzere dinani VPN, kenako WireGuard Client. Pangani gulu latsopano, lipatseni dzina lililonse, ine ndimangolemba Joni, kenako pomwe akuti upload sankhani mafayilo a .conf aja nkudina Apply. Pa firmware 4 pali ndi njira yachidule ya makampani ena kuphatikizapo Mullvad, mumangolemba nambala ya akaunti nkusankha maseva, imakoka yokha. Mukatero pitani pa VPN Dashboard, sankhani seva ya Johannesburg, yatsani. Kadontho kakasanduka kobiriwira ndipo manambala a data yotuluka ndi yolowa akuyenda onse awiri, zatheka.

Mawu a pa sikirini amasiyanako malinga ndi firmware komanso mtundu wa rauta, pa Asus ena amati VPN Fusion, pa TP-Link ndi Advanced kenako VPN Client, koma ganizo ndi limodzi, kulowetsa fayilo nkuyatsa. Pa TP-Link musaiwale kuti mukaika fayilo muyeneranso kuonjezera zipangizo pa mndandanda wa zoti zidutse mu VPN, apo ayi iziti yalumikizika koma palibe foni yomwe ikudutsamo. Rauta ina ikakana fayilo nkufuna mulembe pamanja, koperani mzere ndi mzere, musalembe kiyi poyang'ana chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka basi yakana, ndipo chizindikiro cha = chakumapeto kwa kiyi ndi mbali ya kiyiyo. Pakakhala malo a PersistentKeepalive ikanipo 25, imathandiza kuti njira isamatsekeke mukakhala kuseri kwa rauta ya wina.

Chachisanu, kuyesa

Musangokhulupirira kadontho kobiriwira. Pa foni zimitsani data ya SIM khadi kuti mutsimikize kuti mukudutsa pa WiFi yanu. VPN ili chozima tsegulani ipleak.net, muona nambala ya IP, yomwe ndi adilesi yanu pa intaneti, ndi dzina la kampani ya faiba ya pa yadi. Yatsani VPN, tsegulaninso tsambalo. Nambala isinthe, dzina la kampani ya faiba lisaonekenso paliponse, makamaka m'munsi pomwe alemba DNS. Likaoneka pamenepo ndiye kuti katoni yathu yang'ambika pakona, mayina a masamba akutulukira kunja. Onani ngati mzere wa DNS uli mu fayilo, ndipo IPv6, mtundu watsopano wa maadilesi a pa intaneti, pa karauta ingozimitsani ngati simukudziwa bwino momwe VPN yanu imachitira nayo.

Kenako yatsani chomwe anthu amati kill switch, pa GL.iNet analemba Block Non-VPN Traffic. Ntchito yake ndi yoti VPN ikaduka intaneti yonse iime, isabwerere mwakachetechete ku njira yosatetezedwa inu osadziwa. Yesani pozimitsa VPN dala, masamba asatseguke. Koma apa ndikupempheni, afotokozereni a m'nyumba mwanu. Tsiku lomwe mwezi wa VPN watha intaneti ya m'nyumba imaimiratu ngakhale faiba ili bwinobwino, inu muli ku ntchito ku Randburg kapena ku Midrand, mayi ndi ana akungoona WiFi yodzadza koma kanthu kosayenda. Ikani alamu pa foni masiku atatu tsiku lolipira lisanafike.

TV ndi zina zomwe zimadana ndi VPN

Netflix ndi ena oonetsa makanema amazindikira maadilesi a maseva a VPN, nthawi zina amabisa makanema ena kapena kukana kumene, masamba ena amangokufunsani mobwerezabwereza kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Simukuyenera kuzimitsa VPN ya nyumba yonse chifukwa cha TV. Pa VPN Dashboard pali posankha policy, tengani ya Based on the Client Device, muike TV pa mndandanda wa zosadutsa mu VPN. TV ikhalabe kuseri kwa karauta kanu, anthu a pa yadi sangaionenso, kungoti izituluka pa khomo wamba. Dziwani kuti pa firmware ina Block Non-VPN Traffic ikayaka imatsekanso zipangizo zomwe mwazipatulazo, ndiye TV ikangoti zii mutaipatula yambani mwayang'ana pamenepo.

Karauta kamazindikira chipangizo ndi nambala yotchedwa MAC, ndipo mafoni kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 amabisa MAC yeniyeni nkupereka yongopeka. Ngati mukupatula foni, lowani mu masetingi a WiFi ya m'nyumba pa foniyo, pa Android sankhani kuti igwiritse ntchito MAC ya foni, pa iPhone zimitsani Private Wi-Fi Address ya netiweki imeneyo yokha, apo ayi tsiku lina idzabwera ngati mlendo lamulo lanu nkuiphonya.

App ya banki ikamavuta, njira yachangu ndi kuzimitsa WiFi nkugwiritsa ntchito data ya SIM khadi pa mphindi zimenezo. Ndipo poti tafika pa ndalama, VPN siteteza munthu amene wapereka yekha OTP, nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pa foni, kwa woimba foni wonamizira kuti ndi wa ku banki, sitetezanso amene wadina linki yolonjeza ntchito kapena pemiti yachangu nkulembapo nambala ya pasipoti. Abale athu ambiri ndalama zawo zinapita kudzera m'njira zimenezi, osati pa WiFi.

Zikavuta

Vuto lomwe ndimakumana nalo kwambiri ndi ili, VPN yalumikizika, WhatsApp ikuyenda, Google ikutseguka koma masamba ena amangozungulira osatha. Kawirikawiri ndi MTU, kutanthauza kukula kwa phukusi lililonse lomwe likutumizidwa, katoni yakula kuposa khomo. WireGuard imayambira pa 1420. Faiba yambiri kuno imayendera njira yolumikizira yotchedwa PPPoE yomwe imadyako ma byte 8, ndiye yesani 1412, zikakanika 1380, ngati rauta yaikulu ndi ya SIM khadi tsikani mpaka 1280. Mumasintha pa Options za VPN kapena kuonjezera mzere woti MTU = 1412 m'gawo la pamwamba la fayilo, nkuzimitsa VPN nkuyatsanso.

Lachiwiri limabwera magetsi akangobwera. Timarauta iti tilibe batire ya wotchi, tikazima timaiwala nthawi, ndipo VPN imakana kulumikizana wotchi ikakhala yolakwika, WireGuard imaona ngati uthenga ndi wakale, OpenVPN imaona ngati satifiketi sinayambe kugwira ntchito. Nthawi zambiri kamadzikonza kokha pakapita mphindi zingapo kakapeza nthawi pa intaneti, komanso kumbukirani kuti bokosi la faiba ndi rauta yaikulu zimachedwa kudzuka kuposa kanu. Kakakakamira, lowani pa System pa nthawi paja mudine Sync kuti katengere wotchi ya foni yanu. Chothetseratu ndi kusalola kuti kazime, Mango imakhala maola ambiri pa pawa banki wamba, ena amafuna ka UPS kakang'ono ka marauta, kabatire kogwirizira magetsi akazima. Kungoti kanu kakhale koyaka pomwe rauta yaikulu yazima sizithandiza, ndiye pa yadi pathu tinasonkherana nkugulira UPS ya ku nyumba yaikulu, ya 12V yokwana bokosi la faiba ndi rauta.

Ngati data yotuluka ikuyenda koma yolowa ili pa 0, seva sikuyankha. Onani ngati akaunti sinathe, yesani fayilo yachiwiri ija, onaninso ngati kiyi yemweyo simunamuike pa foni kapena laputopu, chifukwa kiyi mmodzi pa zipangizo ziwiri nthawi imodzi amachititsa kuti zizilandana, chipangizo chilichonse chikhale ndi wake. Mukasokoneza masetingi mpaka osathanso kulowa, kanikizani batani la reset masekondi 10 kabwerere momwe kanachokera ku fakitale, muyambirenso, nchifukwa chake mafayilo a .conf muwasunge.

Ena mwandifunsapo za njira yobwerera, yoti mukapita kumudzi pa Disembala foni izidutsira kunyumba ku Joni. Imeneyo ndi WireGuard Server, ndipo imafuna kuti nyumba yanu ifikirike kuchokera kunja. Pa yadi yogawana muli kuseri kwa rauta ya a mastande, ndiye pafunika iwo atsegule poti 51820 ya UDP kulozera kwa inu, komanso ngati adilesi ya WAN ya rauta yawo ikuyamba ndi 10 kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127 ndiye kuti kampani yawo inaika makasitomala ambiri kuseri kwa adilesi imodzi, zomwe amati CGNAT, kutsegula poti sikuthandiza. Pa ma SIM khadi ndi momwe zimakhalira nthawi zambiri. Chomwe chimadutsa pamenepo ndi Tailscale, imene inamangidwa pa WireGuard yomweyo ndipo sifuna kutsegula poti, Beryl AX ili nayo m'kati, Mango ndi yochepa mphamvu pa zimenezo.

Pomaliza ntchito ndimalemba adilesi yolowera, pasiwedi ya admin ndi tsiku lolipira VPN pa kapepala, nkuwauza eni karautako akaike mu envulopu momwe amasunga mapasipoti, osati kumata pa rauta pomwe mlendo aliyense awerenga. Alendo muziwapatsa Guest WiFi, ili pa tsamba la Wireless lomwelo, amapeza intaneti koma saona zipangizo zanu. Ndipo tsiku losamuka, poti kuno timasamuka kawirikawiri, karauta mukanyamule m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi chaja yake. Mukafika ku yadi yatsopano bayani chingwe pa WAN kapena lowani pa Repeater musankhe WiFi ya kumeneko, onani ngati adilesi sikugundana ndi ya rauta yawo, tsegulani ipleak.net kamodzi. Mafoni, laputopu ndi TV zilowa zokha chifukwa dzina la WiFi ndi pasiwedi ndi zomwe zija.